Aspekitala Asaka Mchere

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti Aspekitala, ndipo ngakhale adzukulu awo ankayesa kuti limenelo ndilo dzina lawo lenileni. Anagwira ntchito yoyendera mabasi zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Ankabisala pamalo poti kondakitala sangawaganizire, kuseri kwa mtengo kapena pakhonde la sitolo, basi ikangoima iwo n'kutulukira pakhomo: "Matikiti m'manja, chonde!" Munthu wokwera ulere ankamudziwa asanamufunse n'komwe. Ankati wotereyo amayang'anitsitsa pazenera ngati kunjako kukuchitika zachilendo. Atapuma ntchito anabweza yunifolomu ndi chipewa, koma khalidwe lofufuza lija anapita nalo kunyumba.

Akazi awo anali telala. Makina awo osokera anali pabalaza, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu. Amayi ambiri ankabwera ndi nsalu, ena ankangobwerera macheza, chifukwa telalayo anali munthu wansangala, woseka mpaka misozi. Bipi inawapeza ali ndi zaka makumi anayi. Mapiritsi ankamwa mutu ukamawawa, ukasiya n'kuwaiwala m'kabati pamodzi ndi mabatani. Zaka zinadutsa choncho. Kenako miyendo inayamba kutupa, chakudya chinayamba kubwerera, ndipo dokotala atayeza magazi anawaitanira onse awiri m'kachipinda n'kutseka chitseko. Impso zonse ziwiri zinali zitasiya kugwira ntchito.

Kuyambira pamenepo moyo wa m'nyumbamo unkayendera masiku atatu: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Chipinda chosefera magazi chinali pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali la chipatala. Munali mabedi asanu ndi atatu, lililonse ndi makina ake pambali, aatali ngati firiji. Anamwino ankabaya masingano awiri pamkono wamanzere wa amayiwo, magazi n'kumatuluka m'kapaipi kamodzi, kuzungulira m'makina, n'kubwerera m'kapaipi kena. Ntchito ya maola anayi imeneyo. Koma asanafike pabedi, wodwala aliyense ankayamba waima pasikelo imene inali pakhomo.

Mkulu wa anamwino m'chipindamo, amene onse ankangoti Asisitala, anali mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe, wosadziwa kuzungulira akamalankhula. Tsiku loyamba anawakokera Aspekitala pambali.

"Bambo, mvetserani inuyo, chifukwa amayiwa lero mutu suli pano. Impso zikakhala bwino, mchere wotsala m'thupi umatuluka ndi mkodzo. Njira imeneyo yatsekeka tsopano. Mchere ukalowa umakhala momwemo, ndipo umaitana madzi. Munthu amamva ludzu losapiririka, amamwa, madziwo n'kudzaza m'mitsempha. Bipi imakwera, mtima umatopa, mapeto ake madzi amakafika m'mapapo. Makinawa amachotsa, inde, koma ali ndi malire. Ndiye mukafuna kuchepetsa madzi, yambani ndi mchere."

"Nanga tizidziwa bwanji kuti tikuchita bwino?"

"Sikelo ija. Akachoka pano n'kubweranso, asaonjezere kupitirira makilo awiri. Amenewo si mafuta ayi, ndi madzi."

Aspekitala anagwedeza mutu. Lamulo lomveka bwino, lokhala ndi nambala, linali chinthu chimene ankachidziwa.

Tsiku lomwelo analowa m'khitchini, mmene kale ankangolowamo kudzafunsa ngati tiyi wapsa. Paketi ya mchere anakapereka kwa aneba. Zokometsera za m'mapepala, majarini, nsomba za m'chitini, zonse zinatuluka. Kusitolo ankaima pakati pa mashelefu, magalasi ali pamphuno, kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa mapaketi mpaka ogulitsa kumanong'onezana. Sabata yoyamba mpunga unapserera kawiri, mazira anauma ngati chikopa cha nsapato. Akazi awo ankatafuna mwaulemu n'kunena kuti, "Bambo, impso zalephera kundipha, tsopano mwabwera inu." Koma pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kuti anyezi akakazingidwa mpaka kufiira, n'kuthirako adyo ndi madontho a ndimu, kabichi amadyeka. Nawonso anasiya mchere, kuti patebulo pasakhale mbale ziwiri. Madzi akumwa a akazi awo ankathira m'botolo limodzi m'mawa uliwonse, mpaka pamene anamangapo ulusi wofiira. Amenewo ndiwo anali a tsiku lonse, a tiyi ndi omwera mapiritsi omwe.

Kwa miyezi isanu sikelo inkanena zabwino zokhazokha. Kilo imodzi ndi theka, nthawi zina kuchepera apo. Bipi inatsika. Tsiku lina Asisitala ananena pamaso pa achibale a odwala ena kuti, "Kafunseni bambo awa mmene amachitira." Aspekitala anatsika masitepe tsiku limenelo chifuwa chili patsogolo.

M'mwezi wachisanu ndi chimodzi akazi awo anayamba kudandaula chilungulira. Akangodya, ankasisita pachifuwa, nkhope itachita tsinya, n'kusiya kusoka. Aspekitala vuto limenelo ankalidziwa. Masiku a m'mabasi, pamene ankadya choimirira m'madepoti, mankhwala awo anali supuni ya soda wophikira m'madzi pang'ono. Anapita kumsika, anagula timapepala tapulasitiki ta soda topanda zolemba zilizonse, n'kukhuthulira m'kachitini. Madzi osungunulira anachotsa m'botolo la ulusi wofiira lija, kuti mlingo usapitirire. Amayiwo anamwa, anageya, n'kupuma mozama.

"Ha, mwandithandiza, bambo."

Kuchipatala sananene. Kwa iwo soda sanali mankhwala oti n'kuuza dokotala, komanso sanali mchere. Chinali chinthu cha m'khitchini basi.

Patapita masabata awiri, sikelo inasonyeza makilo awiri ndi theka. Aspekitala anati mwina ndi juzi imene amayiwo anavala. Sabata yotsatira inasonyeza atatu. Lolemba linalo, Asisitala anayang'ana sikelo, anawauza amayiwo kuti atsike akwerenso, n'kuyang'ananso.

"Makilo atatu ndi theka."

Anawamanga lamba woyezera bipi pamkono wamanja. Nambala yapamwamba inali 190.

Tsiku limenelo makina anafunika kukoka madzi ambiri m'maola anayi omwewo. Aspekitala ankaonera pagalasi la chitseko. Kutatsala ola limodzi anaona akazi awo akudzuka mwadzidzidzi, atagwira katumba. Zala za kuphazi zinali zitapindikira pansi. "Mayo ine! Mwendo, mwendo!" Anamwino awiri anathamanga, wina kukankha phazi, wina kuchepetsa makina. Odwala a mabedi ena anatembenuzira nkhope kukhoma.

Asisitala atatuluka anawapeza ataima pomwepo.

"Ludzu silibwera lokha, bambo. Pali mchere penapake."

"M'nyumba mwanga mulibe ngakhale njere imodzi ya mchere."

"Ndiye ukulowera pazenera. Ndawafunsa eni ake, akuti sakudziwa. Upezeni, chifukwa mtima wawo sungapirire zimenezi nthawi yaitali."

Mawu amenewo anawalowa ngati lamulo la kuofesi. Anakwera basi kubwerera kunyumba. Ankangowayang'ana akazi awo cham'mbali, ndipo anaona kuti amayiwo ankayang'ana pazenera ulendo wonse.

Anayamba ndi khitchini, ngakhale ankaidziwa ngati thumba la malaya awo. Kenako matebulo, pansi pa matiresi, m'kabati ya makina osokera, m'mabokosi a nsalu. Lachinayi akazi awo akusamba, anatenga chikwama chawo cham'manja n'kukhuthulira pabedi. Munali chipeso, tepi yoyezera, khadi la kuchipatala, mpango ndi chithunzi cha mdzukulu. Akubweza choyamba, anamva chitseko. Amayiwo anaima pakhomo ndi thaulo paphewa. Anabwera, anatola zinthuzo chimodzichimodzi, anatseka chikwama n'kutuluka nacho.

Loweruka lililonse kunkabwera mng'ono wa akazi awo, mphunzitsi wa kusukulu yapulaimale, amene iye ndi Aspekitala ankanyogodolana chikwatirire. Loweruka limenelo Aspekitala anamudikirira pageti.

"Alamu anga! Mwaondatu. Akukumanani chakudya m'nyumba mwanu momwe?"

"Tsegulani dengu."

"Iii, mwabwerera ntchito? Tikiti ndilibe ine, ndabwera wapansi."

Aspekitala sanaseke. Mlamuyo kumwetulira kunazilala. Anavundukula dengulo. Munali maapulo anayi, nanazi ndi ulusi wa mitundu iwiri.

"M'chikwamamo?"

"Alamu, mukuganiza kuti ndingaphe achemwali anga ine?"

"Sindinatero. Koma wina akuwapatsa mchere, ndipo amene amalowa m'nyumba muno mlungu uliwonse ndinu."

Mlamuyo anaika dengu pansi bwinobwino. Anapita pazenera, anapereka moni kwa achemwali ake, n'kubwerera osalowa m'nyumba. Loweruka lotsatira sanabwere.

Masana ena Aspekitala akusenda anyezi anamva mpopi wa kubafa ukutsegulidwa pang'ono kwambiri, mongodontha, ngati wotsegulayo sakufuna kuti umveke. Anasiya mpeni, anavula masilipasi, anayenda mopanda phokoso n'kukankha chitseko. Akazi awo anali atawerama pasinki, manja atawapinda ngati kapu, akumwa mothamanga. Madzi ankatsikira m'chigongono.

"Ndiye ndi zimenezi."

Amayiwo anaweramuka pang'onopang'ono. Zikope zinali zotupa.

"Ndili ndi ludzu, bambo. Lilime likukanirira m'kamwa. Botolo lanu lija likutha teni koloko isanakwane."

"Mwadya chiyani?"

"Zimene mwaphika."

"Kuonjezera apo?"

"Palibe."

"Mundiyang'ane."

"Ndakuyang'anani zaka makumi atatu ndi zisanu. Madzi ndaba, inde, ndipo si lero lokha. Koma mchere sindinaulawe chiyambire matendawa. Ine si kondakitala wanu."

Aspekitala m'moyo wawo anamvapo anthu ambiri akukana mlandu, ena akulira, ena akulumbira. Anakatenga sipanala, anamasula mutu wa mpopiwo n'kuuika m'thumba la buluku. Wina akafuna kusamba, ankaubwezera, n'kuima pakhomo.

M'nyumbamo munachita zii. Makasitomala obwerera macheza anayamba kuchepa, chifukwa telala sankasekanso. Ludzu silinathe ayi. Amayiwo ankamwa madzi owazira nsalu positira, ndipo amuna awo akapita kusitolo ankazembera pampopi wa panja. Chilungulira nacho chinakula. Chinthu chimodzi chokha chimene chinatsala pakati pa awiriwo chinali kapu ya soda. Tsopano inkabwera katatu patsiku, supuni yodzaza mpaka pamwamba. Aspekitala ankaiika pamakina osokera osalankhula, amayiwo ankamwa osalankhula, ndipo bamboyo ankadzitonthoza kuti ngakhale akwiyitsana, udindo wawo sanausiye.

Lachisanu lina sikelo inasonyeza makilo anayi. Makina analephera kuchotsa madzi onse chifukwa miyendo inakokananso. Amayiwo anatuluka ndi kilo yathunthu yotsalira m'thupi.

"Kuchokera lero mpaka Lolemba ndi patali," anatero Asisitala. "Akayamba kubanika, musadikire kuti kuche. Bwerani."

Lamlungu atadya chakudya chamasana, amayiwo anapita kukagona. Sipanathe mphindi khumi, anatulukanso atagwira khoma.

"Sindikutha kugona. Ndikagona ndikumira."

Anakhala pampando wosokera, anatsamira mikono pamakina, mutu uli pansi. Mpweya unkalowa ndi kamluzu, potuluka n'kumamveka ngati madzi akuwira patali. Thukuta linali chuchuchu pamphumi. Milomo inayamba kutuwa.

"Mutu, bambo. Ndikukuonani muli awiri."

Aspekitala anatenga kamakina koyezera bipi ka kunyumba. Pofulumira, lamba anamumanga chozondoka. Anamanganso. Kamakinako kanapopa, kanapopa, n'kulephera. Ulendo wachitatu kanalemba 228.

Anatenga thumba n'kuponyamo zonse zimene zinali pashelefu ya mankhwala: khadi, mabotolo a mapiritsi, botolo la ulusi wofiira, kachitini ka soda. Anathamangira kwa aneba awo, amakanika, amene anawapeza ali kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Achimwene, dzukani! Amayi akundithera!"

Amakanika anatuluka ndi manja a mafuta, osasamba n'komwe. Awiriwo anawanyamula amayiwo ndi mpando womwe mpaka pagalimoto yakale ya amakanikayo, n'kuwakhazika kutsogolo chifukwa kumbuyo akanagona. Aspekitala anakhala kumbuyo atawagwira mapewa kuti asagwe.

Msewu unali wabwino mpaka pamlatho. Pamenepo lole ya simenti inali itafera pakati, ndipo magalimoto a mbali zonse ziwiri anali atalowererana, aliyense akuliza hutala. Amakanika anamenya chiwongolero. Amayiwo anatsokomola, ndipo pampango panatsala thovu lofiirira.

"Bambo," anatero, liwu limodzi mpweya umodzi, "mawindo... tsegulani."

Mawindo onse anali otsegula kale.

Aspekitala anatuluka. Anayenda pakati pa magalimoto akumenya madenga ndi chikhatho. Mawu amene anatuluka pakhosi pawo anali oti basi yonse inkakhala nawo chete.

"Inu, bwererani! Inu a minibasi, kwerani m'mphepetemu! Muli wodwala m'galimoto iyo, akufa! Bwererani ndati!"

Dalaivala wina anafuna kutsutsa, koma atawaona nkhope anabweza galimoto. Panatseguka kampata kongokwanira. Amakanika anadutsa galasi likukhula lole, Aspekitala n'kudumphira m'kati galimoto ikuyenda.

Kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi anawaveka amayiwo chophimba kumaso cha mpweya. Dokotala wa tsikulo anamvetsera kumsana, kumanja ndi kumanzere, n'kuwongoka.

"Madzi afika m'mapapo. Jakisoni wotulutsa madzi sangathandize, impso sizikugwira. Akufunika makina, pompano."

Koma linali Lamlungu. Chipinda chosefera magazi chinali chokiya. Anaimbira foni Asisitala, amene anali kunyumba kwawo, kutsidya lina la mzinda. Aspekitala ankayang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi khumi. Makumi awiri. Kanambala ka mpweya pa makina a pambali pa bedi kankatsika, kukwera pang'ono, n'kutsikanso. Akazi awo anawagwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Maso anali otong'oka, akuyang'ana iwo okha.

Patatha mphindi makumi anayi Asisitala anatulukira atavala diresi ya kunyumba ndi masilipasi, makiyi ali m'manja. Sanapereke moni. Makina nawonso ankafuna nthawi yawo: kutsukidwa, kulumikizidwa mapaipi, kuyesedwa. Pamene bedi linkakankhidwira m'chipindamo, mutu wa amayiwo unali ukugwera kutsogolo. Chitseko chinatsekedwa, ndipo ulendo uno anakoka nsalu pagalasi.

Aspekitala anakhala pabenchi. Amakanika anakhala nawo pang'ono, n'kupita kukasuntha galimoto. Khonde lonse linali lopanda munthu. M'kati munkamveka makina akulira, kusiya, n'kuliranso.

Patatha ola limodzi Asisitala anatuluka.

"Ali bwanji?"

"Sindinganene kanthu panopa. Madzi ayamba kutuluka, bipi ikadali pamwamba. Mwabwera ndi mankhwala awo? Ndikufuna ndione chilichonse chimene amameza."

Aspekitala anatsegula thumba n'kuyala zinthuzo pabenchi mwadongosolo, a m'mawa uku, a madzulo uku. Asisitala ankatola botolo lililonse, kuwerenga, n'kubweza. Anafika pakachitini.

"Aka n'kachiyani?"

"Ndi soda. Wa chilungulira."

"Amamwa wochuluka bwanji?"

"Supuni imodzi, katatu patsiku. Madzi ake ndimachotsa m'botolo lomwelo, sindionjezera ayi."

"Chiyambire liti?"

"Masabata asanu ndi awiri apitawa."

Asisitala anavula magalasi. Anatsegula kachitiniko n'kukalozetsa kwa iwo.

"Talawani, bambo."

Ananyowetsa chala, anagunda ufawo n'kuika palilime. Lilime lawo linali litakhala miyezi isanu ndi iwiri osakumana ndi mchere, ndipo linauzindikira nthawi yomweyo. Unali momwemo, kuseri kwa kuwawa kwa soda.

"Chimene timaopa mumchere chimatchedwa sodiyamu," anatero Asisitala, mawu atatsika. "Soda ndi mchere ndi pachibale, onse ali nacho. Masupuni atatu odzaza awa, kuli ngati kuwamwetsa masupuni awiri a mchere tsiku lililonse. Ludzu lija ndi limeneli. Makilo aja ndi amenewa."

Aspekitala anayang'anitsitsa kachitiniko.

"Nafenso tinalakwitsa. Tinkangofunsa za chakudya. Sitinafunse ngati pali china chikuwavuta. Mukanatiuza za chilungulira, tili ndi mapiritsi ake oyenera anthu a impso." Anatseka kachitiniko n'kukaika m'thumba la diresi yawo. "Khalani pansi musanagwe. Ine ndibwerere kwa wodwala."

Anakhala. Pokhala anamva chinthu cholimba chikuwabaya pantchafu. Anapisa m'thumba n'kutulutsa mutu wa mpopi. Anauyang'ana nthawi yaitali. M'maganizo ankaona akazi awo atawerama pasinki, madzi akutsikira m'chigongono, ndipo ankamva mawu awo omwe akuti mundiyang'ane. Akazi awo ananena zoona tsiku limenelo, ndipo iwo atamaliza kumasula mpopi anapita kukhitchini kukasungunula supuni ina. Anapemphera, ngakhale sanali munthu wodziwa kupemphera mokweza. Sanapemphe zambiri. Anangopempha kuti amayiwo adzuke, kuti amve zimenezi kuchokera pakamwa pawo.

Dzuwa litalowa, Asisitala anatsegula chitseko n'kuwakodola. Amayiwo anali atatsamira mapilo, chophimba cha mpweya chikadali kumaso, koma mapewa sankakweranso ndi kutsika. Makina anali atachotsa malita atatu ndi theka. Bipi inali pa 170 ndipo inkatsikabe.

Anagonekedwa masiku anayi. Tsiku lachiwiri, atawachotsa mpweya, Aspekitala anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anali atakonza mawu ulendo wonse wa m'basi, koma atafika anangonena mwachindunji.

"Mchere uja wapezeka. Ndinali ine. Ndi soda uja."

Anafotokoza zimene Asisitala ananena. Amayiwo anamvetsera akuyang'ana kudenga.

"Ndiye tsiku lililonse munkandimwetsa ludzu, n'kukatseka mpopi."

"Eya."

Amayiwo anayamba kuseka, kuseka kopanda mphamvu kumene kunathera m'kutsokomola. Kenako misozi inatsika m'mbali mwa maso, ndipo siinali ya kuseka.

"Za soda sindikukusungirani kanthu, bambo. Munkafuna kundithandiza, ndipo ine ndinkamwa ndekha. Koma ndinakuuzani kuti sindinadye mchere, inu osandikhulupirira. Ndinkadzuka m'mawa n'kumadzifunsa ngati ndayamba misala, ngati ndimadya ndili m'tulo. Zimenezo sizitha lero."

"Ndamva."

"Ndipo mng'ono wanga mukamutenge nokha. Osati pafoni."

Anapita tsiku lomwelo. Anamudikirira mlamu wawo pageti la sukulu mpaka ana ataweruka, ndipo ananena zonse ali chiimire, chipewa chili m'manja. Mlamuyo anamvetsera manja ali m'chiuno. Za chikhululuko sananenepo. Anangofunsa nambala ya wodi, n'kuuyamba wapatsogolo, Aspekitala akutsatira pambuyo atanyamula mabuku ake.

Soda atasiyidwa, ludzu linachepa m'masiku ochepa. Pomatha masabata awiri sikelo inabwerera pa makilo awiri, kenako kuchepera. Koma bipi ya Lamlungu lija inasiya chipsera. Dokotala wa maso anati kamtsempha kena kanaphulika m'diso lamanja, ndipo mwina lidzayera pang'ono, mwina ayi. Amayiwo ankaona ngati pali utsi mbali imodzi.

Patatha mwezi anakhalanso pamakina osokera. Panali diresi ya mayi wina imene inadikira nthawi yonseyi, yongofunika kupinda m'munsi. Ananyowetsa ulusi, anaulozetsa pasingano, unadutsa pambali. Anayesanso atatsinzina diso lodwalalo. Anayesa kachisanu. Mwini diresi anali atakhala pampando, akunamizira kuwerenga foni.

"Bambo!"

Aspekitala anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

"Ulusi ukukana."

Anavala magalasi, anagwada pambali pa makina, nkhope ili pafupi ndi singano. Zala zawo zinali zazikulu, zonunkha adyo, ndipo ulusiwo unkapindika ukangogunda chitsulo.

"Osati kutsogolo, umalowera kumanzere. Dulani kaye nsonga, yanyenyeka."

Anadula, ananyowetsa, anayesanso. Ulendo wachitatu unalowa.

"Kokani kautali. Basi. Tsopano chotsani mutu, ndingakusokereni khutu."

Makina anayamba kulira. Mzere woyamba unakhota pang'ono, amayiwo anaupapasa ndi chala, anausula, n'kuyambiranso.

"Musapite patali," anatero osatembenuka. "Ikatha iyi pali siketi yabuluu, ifunika ulusi wina."